Saladi Wopaka Kawiri

Dzina loti Kawiri anamupatsa ndi anzake a ntchito zomangamanga, ndipo linamukakamira mpaka mkazi wake yemwe anayamba kumuitana nalo. Linachokera pa mawu amene iye ankauza kasitomala aliyense wofuna kuumira penti: "Penti ndi kawiri, bwana. Koyamba khoma limamwa, kachiwiri limavala." Ankawanena ataimika chala m'mwamba ngati mlaliki, ndipo pa zaka zonse zimene anagwira burashi sanapezepo chinthu chotsutsa chiphunzitso chimenechi. Nsapato ankapolisha kawiri. Chitseko ankati akakhoma n'kuyenda pang'ono, ankabwerera kukachigwedeza. Pofunsira mkazi wake anapitanso kawiri, koma apo sikunali kufuna kwake.

Chimene chinamugwetsa chinali firiji.

Mkazi wake, telala wa madiresi a ukwati, anakomoka tsiku lina ali pa makina ake. Kuchipatala anapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri, shuga nayenso wakwera, ndipo anamugoneka. Dokotala ananena momveka bwino kuti akatuluka asiyane ndi zokazinga, mchere ukhale wongolawitsa, masamba achuluke. Kawiri anagwedeza mutu mwamphamvu, ngati munthu amene anaphikapo masamba chibadwire.

Mawa lake kunyumba kunabwera alamu ake, akulu ake a mkazi wakeyo, kudzatenga zovala za wodwala. Anali mayi wamtali, wopuma pa ntchito ya umetironi pa sukulu ya atsikana, ndipo akalowa m'nyumba ya munthu maso awo ankayamba okha kuyendera ngodya. Anapempha madzi ozizira. Kawiri asanadzuke pampando, iwo anali atatsegula kale firiji.

Anaima pamenepo nthawi yaitali.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Burashi, alamu."

"Maso ndili nawo. Ikutani mufiriji?"

"Ikupuma. Ukaikulunga m'pulasitiki n'kuiika pozizira, penti sauma. Mawa umangopitiriza ntchito."

"Nanga ichi?"

"Soseji."

"Ichi?"

Kawiri anasuzumira. Chinthucho chinali kabichi pa nthawi ina m'mbuyomo. "Chimenecho sindikuchikumbukira bwino," anatero.

Alamu anatseka firiji pang'onopang'ono ngati akutseka bokosi la maliro.

"Mng'ono wanga akatuluka Loweruka ndikupita naye kwathu. Muno mungandiphere munthu."

"Akakhalako nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka achire."

Kawiri ankadziwa bwino kutalika kwa malonjezo a alamu ake. Mwana wake wamkazi anapita kwa amayi ake aakuluwo kuti akangolemba mayeso, ndipo anachokako pa tsiku la ukwati wake. Nanga shuga amachira ngati chimfine? Ndi matenda okhala nawo. Anayang'ana makina osokera amene anali atavundikiridwa ndi nsalu pakona, ndi kapu ya mkazi wake yopachikidwa pa msomali. Chikwama cha zovala za mkaziyo chikangolowa m'galimoto la alamu, nyumba imeneyi idzasanduka mosungira zitini.

"Alamu," anatero, "mudzangodutsa naye pano kaye. Mudzadye chamasana. Chikadzakhala chakudya choti dokotala angachikane, ndidzanyamula ndekha chikwama cha zovala zake kukachiika m'galimoto mwanu."

"Adzaphika ndani?"

"Ine."

Alamu anaseka mpaka anagwira chitseko cha firiji kuti asagwe. "Chabwino. Tidzafunika kutenga zovala zina ndithu, ndiye tidzadutsa. Koma ndikuuziretu, burashi sindidya."

Mlungu umenewo Kawiri ankapenta khitchini ya mayi wina wamasiye amene iye ankamutchula kuti Amayi a Buluu, pakuti makasitomala ake onse ankawakumbukira ndi mtundu wa penti umene anasankha. Mayiwa anali okalamba ndithu, koma masitepe ankakwera ngati mtsikana. Masana aliwonse ankakhala pa tebulo lophimbidwa ndi manyuzipepala, pakati pa zitini, n'kumadya kanthu kamitundumitundu m'mbale yakuya. Kawiri ali pa makwerero ankayang'ana mbaleyo mwachisoni, podabwa kuti mayi wa nyumba yabwino chonchi akudyeranji chakudya cha mbuzi. Koma tsiku limeneli anatsika, napukuta manja pa ovololo.

"Amayi, pepani ndifunse nawo. Chimenechi odwala shuga amadya?"

"Wodwala shuga ndine, bambo. Mukundiona ngati ndikufa?"

Anamupatsa supuni. Kawiri anatafuna mosamala, akudikira kuti alavule mwaulemu, koma anangozindikira kuti wameza. Kanthuko kanali kowawasa pang'ono, kokhutchuka m'kamwa, konunkhira bwino. Munali mphodza, koma osati zobiriwira zamakoko zija ankaziona pamsika. Izi zinali zosenda, zoswa pakati, zachikasu ngati mizere ya pamsewu. Anawafotokozera Amayi a Buluu za mkazi wake, za alamu, ndi za Loweruka. Za kabichi sananene.

"N'chosavuta," anatero mayiwo. "Mphodza mutsuke mpaka madzi ayere, muziviike. Zikafufuma muziwiritse pang'ono chabe. Mukafinya imodzi ndi zala iphwanyike, koma isasanduke phala. Mutsanule madzi, zizizire. Kenaka nkhaka, kaloti, matimati, anyezi, tsabola wobiriwira wosawawa uja, ndi masamba a koliyanda, zonse muduledule ting'onoting'ono."

"Nanga kowawasako?"

"Umenewo ndi msuzi wake, ndipo wa m'sitolo musagule, ndi shuga yekhayekha. Mupange nokha. Mufinye mandimu, muthire mafuta a olivi pang'ono, jinja wopala, tsabola wakuda, chitowe chokazinga popanda mafuta n'kusinja, ndi kamchere kongotsina ndi zala. Muike zonse m'botolo, mutseke, mukhutchumule."

"Kukhutchumula ndiye ntchito yathu," anatero Kawiri monyadira.

"Koma mverani apa. Msuziwo musathire msanga. Mudikire anthu akhale patebulo, muthire kamodzi, musakanize, basi."

"Kamodzi?"

"Kamodzi."

Kawiri anagwedeza mutu mwaulemu. Kunali kugwedeza kuja ankagwedezera makasitomala omuuza kuti khoma lawo ndi labwino kale, kupaka kamodzi kukwanira. Mumtima anawamvera chifundo Amayi a Buluu. Kuphika ankadziwa, inde, koma nkhani yopaka chinthu pa chinthu chinzake ili ndi eni ake. Mphodza n'chinthu chomwa, ngati pulasitala watsopano. Ukathira kamodzi chimangomeza, kunja n'kutsala mbuu. Mayi wokalamba wodya yekha akhoza kukhutira ndi ntchito ya theka, koma iye ankadikira metironi.

Lachisanu poweruka anadzera ku sitolo ya zokometsera zakudya. Wogulitsa atamufunsa kuti mphodza akufuna za anthu angati, iye anawerengera monga ankawerengera penti: zokwana ntchito, kuwonjezera zotayika panjira, kuwonjezeranso zodzakonzera. Anatuluka ndi thumba lolemera ngati la simenti. Atafika kunyumba anatsuka firiji yonse, anataya kabichi atapotolera nkhope kumbali, soseji anapatsa aneba. Burashi anaitulutsa komalizira, n'kuipepesa chamumtima.

Loweruka anadzuka m'mamawa. Anayala pansi nsalu yake yotchingira madontho a penti, ndipo anali atayamba kumata tepi m'mphepete mwa tebulo pamene anakumbukira kuti sakupenta. Tepi anaisiya pomwepo. Siinkalakwira munthu.

Kutsuka mphodza kunamusangalatsa, chifukwa kunali ngati kutsuka burashi: madzi amayamba mbuu ngati mkaka, umatsanula, umathira ena, mpaka uone pansi pa beseni. Anaziviika, n'kupita kukasesa m'nyumba monse ndi kuyala bedi. Pobwerera anapeza zafufuma zoti n'kudyetsa kwaya yonse ya kutchalitchi pamodzi ndi oimba ng'oma. Anaziwiritsa ataima pompo, akuvuula imodziimodzi n'kumaifinya ndi zala mpaka anapsa chala chachikulu. Pamene ina inaphwanyika bwinobwino osamata, anazula poto pamoto ngati akupulumutsa mwana. Anatsanula madzi. Mphodza zinali mbee, zachikasu, iliyonse payokha.

"Alamu, mudzalira," anauza sinki.

Amene analira anali iyeyo, podula anyezi. Nkhaka anazidula timabokosi tofanana ngati matailosi, ndipo kachidutswa kalikonse kopendama ankakadya kuti kasaononge ntchito. Kaloti anamupala, matimati anawachotsa njere, koliyanda anamusadzula masamba okhaokha. Chitowe choyamba chinapserera mpaka utsi unadzaza khitchini, koma zimenezo sizinamudabwitse. Koyamba n'koyamba. Chachiwiri chinanunkhira moti anaima kaye n'kutsinzina, kenaka anachisinja m'kamtondo.

Botolo silinali lovuta kupeza. Kuseri kwa chitseko cha khitchini kunali shelefu yodzaza mabotolo a jamu, lililonse lili ndi penti wotsala wa nyumba ina yake, wodzakonzera pamene mwana wa kasitomala adzakande khoma ndi supuni. Mkazi wake ankaitcha shelefuyo famase ya a Kawiri, ndipo chaka ndi chaka ankaopseza kuti adzaitaya yonse. Kawiri anasankha mabotolo amene anali asanalawepo penti, nawatsuka ndi madzi otentha. Anafinya mandimu, anathira zonse zija, anatseka, nayamba kukhutchumula ndi mkono wa zaka zambiri. Mafuta ndi mandimu zimene zinkakanana zinagwirizana, msuzi n'kukhala wosalala ngati penti wa m'chitini chatsopano. Anaukweza pa kuwala kwa zenera. Akanakhala ndi munthu womuonetsa akanamuonetsa.

Msuziwo anaugawa: wa koyamba, wa kachiwiri. Ndipo manja ake, osamufunsa mwini wake, anatsanulira wina m'kabotolo kena, anapatula mbale ya mphodza ndi masamba ena osadula, anakulunga zonse m'pulasitiki n'kuzikankhira kumbuyo kwa firiji, pamalo pamene pankakhala burashi. Wopenta samaliza chitini. Iye sanaganizirenso za zimenezo, monga munthu saganizira za kuphethira.

Tsopano inafika nthawi ya umisiri weniweni. Anasakaniza mphodza ndi masamba m'mbale yaikulu yagalasi, ya alendo ija. Chikasu, kufiira, kubiriwira: mitundu inakhalirana bwino koposa m'nyumba zambiri zimene anapentapo. Anathira msuzi wa koyamba mozungulira, mosadumphitsa malo, anasakaniza, n'kuika mbale pazenera pomwe dzuwa linkafika, kuti umwerere ndi kuuma. Kenaka anapita kukasamba ndi kusita malaya ake a kutchalitchi, akuimba likhweru.

Pobwerera anapeza pansi pa mbale pali madzi.

Anapendeketsa mbale, madzi nawonso anapendekeka. Sanade nkhawa. Ankalidziwa vuto limeneli: chinyezi. Anakatenga fani ya kuchipinda, naiimika pa mpando, naiyang'anitsa pa saladi, n'kutsegula mphepo yonse. Masamba a koliyanda anayamba kuvina. Iye anapita kukayala tebulo.

Pamene anabweranso, madzi anali atakwera. Nkhaka zake za matailosi zija zinali zitalobodoka, zikuoneka ngati sopo wotsala. Matimati anali atagona chafufumimba. Koliyanda anali atada. Koma anadzilimbitsa. Kodi si mmene ntchito imaonekera nthawi zonse ukapaka koyamba? Mawangamawanga, zonyansa, kasitomala n'kugwira m'mutu kuti wandionongera nyumba. Amene sadziwa ntchito amathawira pomwepo. Mmisiri amatsegula chitini n'kupaka kachiwiri.

Anathira msuzi wa kachiwiri.

Saladi anamira. Timphodza tina tinayandama pamwamba ngati anthu opempha chingwe. Kawiri anatenga supuni, nalawa, ndipo masaya anamukokera m'kati. Kuwawasa kunafika m'makutu, mchere unatsatira pambuyo, mchere woti dokotala akanaumva akanaitana apolisi. Apo m'pamene mawu a Amayi a Buluu anamubwerera, odekha, opanda mkwiyo: kamodzi.

"Kawiri iwe," anadziuza, "nkhaka si khoma. Khoma limamwa, nkhaka imalavula. Wakula mpaka imvi osadziwa zimenezi?"

Anayang'ana kunja. Dzuwa linali pamutu. Ankayenera kuchotsa madzi amenewa msanga, koma sefa ya mkazi wake sanaipeze. Anatsegula makabati onse, zivundikiro n'kumugwera pamapazi. Ndiye anakumbukira kuti penti akachita mibulu amasefedwa bwanji. M'chikwama chake cha zipangizo munali sokosi zazitali zopyapyala zija amavala amayi, zatsopano m'paketi mwake, zimene openta amagula osayang'ana wogulitsa kumaso. Anatenga imodzi, anakunga kukamwa kwake ndi dzanja limodzi, n'kukhuthuliramo mbale yonse.

Iye ankayembekeza kuti saladi atsala pamwamba monga imatsalira mibulu ya penti. Koma saladi anatsetsereka, anatsika mpaka kuphazi, anadzaza chidendene, anakwera m'katumba. Kawiri anaima pakati pa khitchini, atavala malaya a kutchalitchi, atakweza m'mwamba mwendo wotupa wamawangamawanga umene unkadontha pa nsalu ya penti, fani ikuuzunguza uku ndi uku.

Kiyi anatembenuka pachitseko.

Analowa poyamba anali alamu, kumbuyo kwawo mkazi wake. Anali ataonda, diresi likumukhwepa m'mapewa, pamsana pa dzanja pali kapulasitala pamene panalowa singano. Anatsamira pa khomo la khitchini. Fani inali ikulirabe.

"Alamu," anatero alamu aja motsitsa mawu, "mwendo umenewo ndi wa ndani?"

"Ndi saladi, alamu."

"Sokosiyo ndi ya ndani?"

"Ndi ya kuntchito. Yatsopano. Timasefera penti."

"Iwe," anatembenukira mng'ono wawo, "usakhale pansi. Lowa utenge zovala zako tizipita. Ndaona zambiri ku sukulu kuja, atsikana akuwiritsa mazira m'ketulo, akuotcha buledi ndi simbi, koma izi ayi."

Mkazi wake ankayang'ana fani, tepi ya m'mphepete mwa tebulo, mbale yagalasi, mwendo. Mapewa anayamba kumugwedezeka, ndipo Kawiri anaganiza kuti akulira, mpaka pamene anafunsa ndi mawu onjenjemera:

"A Kawiri, munathira kangati?"

Kawiri anayang'ana pansi. Ndi dzanja limene linalibe mwendo anaimika zala ziwiri.

Mkaziyo anaphulika. Anaseka mpaka anatsetserekera pa kampando ka m'khitchini, akugwira m'mimba, misozi ili mbwe. "Ndiye fani?"

"Kuti aume."

"Asisi, ndigwireni! Ndibwereranso kuchipatala!"

"Palibe choseketsa," anatero alamu, ngakhale pakamwa pawo pankanjenjemera. "Pangano ndi pangano. Mwanena nokha, alamu, palibe anakukakamizani."

Zinali zoona. Kawiri anagoneka mwendo m'sinki mwaulemu, anazimitsa fani, anasamba m'manja. Kuseka kwa mkazi wake anali atakusowa masiku onsewa, ndipo tsopano kunali kutabwera kudzangotsanzika. Anapita kuchipinda, anatsitsa chikwama chachikulu pamwamba pa kabati, nachipukuta fumbi. Ankamva mmene nyumbayo idzamvekere madzulo ano, iye ndi zitini. Potuluka nacho anamva mawu kuchokera m'khitchini.

"A Kawiri, ikani kaye pansi chimenecho. Botolo lotsala lili kuti?"

"Lotsala lanji, mayi?"

"Musandipusitse. Zaka zonse ndakhala nanuzi simunamalizepo chitini. Kuseri kwa chitseko uku kuli penti wa nyumba zimene zinagumulidwa kalekale. Ndiye lero mwathira msuzi wonse osasungako wodzakonzera? Inuyo?"

Kawiri anaima kukamwa yasa. Kenaka anasiya chikwama pakhonde la m'kati, napita pa firiji ngati munthu wolota. Kumbuyo kuja kunali mbale ya mphodza yokulungidwa bwinobwino, nkhaka, kaloti, matimati awiri olimba, kamtolo ka koliyanda, ndi kabotolo ka jamu.

"Chimenecho si chakudya," anatero alamu. "Ndi zipangizo."

"Asisi, mwanena chamasana, ndipo dzuwa silinapendeke. Ine njala yandipweteka. Kuchipatala kuja ndimangodya zoyera zokhazokha ngati ndine khoma." Anatambasula dzanja. "Botololo bweretsani kuno, a Kawiri. Ndisunga ine. Inu tengani mpeni."

Alamu analanda kabotoloko kasanafike, anatsegula, ananunkhiza, anakayang'ana pa kuwala ngati akufufuza penti. Anaviika nsonga ya supuni n'kulawa. Anatola kamphodza kamodzi m'mbale, anakafinya ndi zala, kanaphwanyika bwinobwino. Anapukuta zala pa mpango.

"Anakuphikirani ndani izi?"

"Ndekha, alamu. Onani chala."

"Sindinafunse za chala."

Anakhala pa mpando umene panali fani, manja atapinda pachifuwa, kuti aone ndi maso awo. Kawiri anayamba kudula nkhaka, akuyeza kachidutswa kalikonse ndi diso.

"Mukudula nkhaka kapena mukugawa mapuloti? Munthu akomokanso ndi njala apa."

"Musiyeni, asisi, akafulumira amadzicheka. A Kawiri, anyezi achepe, amandivuta pamtima. Kalotiyo mupale mbali yaikulu ya chopalira. Ayi, mbali inayo. Eya."

Kawiri ankangoti inde mayi, inde mayi, ndipo sanamvepo kukoma kotero kwa kulamulidwa. Magazi anali atayamba kubwerera kumaso kwa mkazi wake. Ankaloza ndi kabotolo kaja ngati ndodo ya kondakitala wa kwaya.

Anakhala patebulo onse atatu, mbale yagalasi yotsukidwanso ili pakati. Saladi anali wouma, wowala, chilichonse chitaima pachokha. Mkazi wake anamubwezera kabotolo kuti akhutchumule, pakuti ntchito imeneyo inali yakedi, kenaka anamulanda n'kuthira yekha, mozungulira, kamodzi. Anasakaniza ndi masupuni awiri. M'kabotolo munatsala timadontho, ndipo dzanja la Kawiri linayamba kukwawira komweko pa nsalu ya tebulo.

"Ayi!" anakuwa onse awiri pamodzi.

Dzanja linabwerera kwawo.

Anadya. Nkhaka inkalira m'kamwa, mphodza zinali zofewa koma zomveka pa mano, chitowe chikununkhira pambuyo pa mandimu. Mkazi wake ankatafuna pang'onopang'ono atatsinzina. Alamu ankadya ndi nkhope ya munthu wochonga mayeso. Atamaliza anayang'ana kudenga, anayang'ana zenera, kenaka anakoka mbale yagalasi n'kudzigawiranso. Kawiri anatsegula pakamwa kuti anene kanthu za kachiwiri, chala chili kale panjira yopita m'mwamba, koma phazi la mkazi wake linamupeza pansi pa tebulo. Anatsokomola.

"Mbale imodzi sichiritsa munthu," anatero alamu atapukuta pakamwa. "Mawa adzadya chiyani?"

Kawiri anaganizira thumba lija la simenti. "Mphodza, alamu."

"Mkuja?"

"Mphodza. Koma ndikafunsa zina kwa Amayi a Buluu, khitchini yawo sindinamalize."

"Amayi a Buluu ndiye ndani?"

"Asisi," analowerera mkazi wake, ndipo tsopano sankaseka, "kwanu n'kwabwino, ndikudziwa. Koma mukandigoneka pabedi ngati dzira, ngakhale zenera simukandilola kutsegula. Ndikangokhala n'kumaganiza za matenda. Pano ndili ndi ntchito. Munthu uyu ndikamusiya yekha adzaumitsa tiyi ndi fani." Anayang'ana mwamuna wake, kenaka firiji. "Ndipo mwaona kuti burashi yatuluka? Inu simukudziwa. Ine ndinayamba kupempha zimenezo mwana ali kumsana."

Alamu anayang'ana mng'ono wawo, mbale yake yopanda kanthu, ndi supuni imene ankainyambitabe. Anapuma mpweya wautali wa m'mphuno, nadzuka, natenga kiyi wa galimoto.

"Ndizibwera osanena tsiku. Ndizitsegula firijiyo ndekha. Ndikadzangopeza soseji, kapena chinthu chosakumbukika ngati chija, ndidzamunyamula ngakhale ali m'bafa. Mwamva, alamu?"

"Ndamva, alamu."

"Mankhwala ake ali m'galimoto, m'kachikwama ka kuchipatala. Bwerani mutenge. Ndipo mwendo uli m'sinkiwo muuike m'manda aneba asanauone."

Kawiri anawaperekeza, anatenga kachikwamako n'kukakumbatira pachifuwa, nadikira mpaka galimoto inakhota. Polowa anapunthwa pa chikwama chachikulu chija chimene chinali chikadali pakhonde, chopanda kanthu m'kati. Anachikankhira pambali ndi phazi. Mkazi wake anali atavula nsapato, miyendo atasanjika pa mpando wa alamu, akuyang'ana makina ake pakona.

Kawiri anakhoma chitseko, nayenda pang'ono. Miyendo inaima yokha. Dzanja linkayabwa, koma anadzigwira, pakuti lero anali ataphunzira kanthu ndipo ankafuna kuti zioneke.

"Pitani mukachigwedeze, a Kawiri," anatero mkazi wake osacheuka. "Chitseko si nkhaka."